Nyimbo akazisamutsira ku HD2, zimakhala kuti zasungidwa kapena zatayidwa?

Dalaivala_wa_Bronx
Moni nonse, makamaka inu amene mumakhala kuno ku New York ndi madera oyandikana nawo. Ntchito yanga ndi yonyamula anthu pa galimoto, choncho wailesi ndimakhala nayo kuyambira m'bandakucha mpaka usiku. Wailesi ya m'galimoto yomwe ndikuyendetsa pano imaonetsa zilembo zoti HD1, HD2, ndipo pa masiteshoni ena mpaka HD3, zonsezo pa nambala imodzi ya FM. Nyimbo zomwe ndinkakonda pa siteshoni ina anazichotsa pa FM, n'kulengeza kuti omvera tisadandaule chifukwa zipitirira pa HD2. Ndinazipezadi kumeneko, koma ndikangolowa kunsi kwa njanji ya sitima zoyenda m'mwamba ku Jerome Avenue, kapena ndikatsikira m'malo okumbika a msewu wa Cross Bronx, mawu amangoti zii, kenako amabwerera nyimbo itafika kale pakati. FM wamba imachita phokoso m'malo amenewa, koma siduka chotere. Ndikufuna kudziwa ngati vuto lili ndi wailesi yanga. Ndikufunanso kumva maganizo anu ngati kusamutsira nyimbo ku HD2 ndi njira yozisungira, kapena ndi njira yozichotsera popanda anthu kukwiya kwambiri.

Nabanda_Yonkers
Achimwene, wailesi yanu ilibe vuto. Inenso ndikamapita kuntchito cha kumpoto, ndikangodutsa White Plains tchanelo cha HD2 chimayamba kuduladula mpaka kusoweratu, pamene siteshoni yomweyo pa FM ikumvekabe bwinobwino.

Wamawaya_Newark
A Dalaivala, zomwe anena a Nabanda n'zoona, ndipo chifukwa chake chili m'mapangidwe a njira youlutsirayi. HD Radio inakonzedwa ndi kampani ya iBiquity, ndipo bungwe la FCC, lomwe limayang'anira zoulutsa mawu kuno ku America, linaivomereza mu 2002. Mfundo yake inali yakuti siteshoni isapatsidwe malo atsopano, koma iziika mawu a dijito m'mbali ziwiri za mafunde ake omwewo a FM. Pofuna kuti mafunde a m'mbaliwa asasokoneze masiteshoni oyandikana nawo, poyamba analoledwa kukhala ndi mphamvu ya 1 peresenti yokha ya mphamvu ya FM. Masiteshoni akuluakulu omwe milongoti yawo ili pamwamba pa Empire State Building amaulutsa ndi mphamvu ya mawati pafupifupi 6,000, ndiye kuti mbali ya dijito inkatuluka ndi mawati 60 okha. Mu 2010 a FCC analola kukweza mphamvuyo kufika pa 4 peresenti, ndipo kwa ena mpaka 10 peresenti, koma si masiteshoni onse omwe anagula makina okwezera.

Kusiyana kwa HD1 ndi HD2 kuli apa. Lamulo limafuna kuti HD1 izinyamula pulogalamu yomweyo yomwe ili pa FM wamba, ndipo siteshoni imachedwetsa dala mawu a FM ndi masekondi pafupifupi 8 kuti ziwirizi ziziyendera limodzi. Mafunde a dijito akafooka, wailesi yanu imabwerera yokha ku FM wamba inu osazindikira. HD2 ndi HD3 zilibe kobwerera. Mafunde akatchingidwa ndi zitsulo za njanji kapena makoma a msewu wokumbika, wailesi imakhala chete kudikira kuti ipezenso mawu okwanira.

Dalaivala_wa_Bronx
Zikomo kwambiri a Wamawaya, pamenepo ndamva. Nanga n'chifukwa chiyani ngakhale pamalo oti mafunde ndi amphamvu, nyimbo za pa HD2 zimamveka zopyapyala, makamaka zinganga za ng'oma ndi mawu a oimba achikazi?

Wamawaya_Newark
Siteshoni ya FM yomwe ikuulutsa dijito pamodzi ndi mawu akale imakhala ndi makilobiti pafupifupi 96 pa sekondi (umenewu ndi muyeso wa kuchuluka kwa mawu a dijito omwe ingatumize), ndipo ikhoza kuonjezerapo ochepa ikatambasula mafunde a m'mbali aja. Amenewa ndiwo amagawidwa pakati pa HD1, HD2 ndi HD3. Mwini siteshoni amapereka gawo lalikulu ku HD1, komwe kuli ndalama, ndipo matchanelo aang'ono amalandira zotsala. Pa nkhani ndi zokambirana zotsalazo zimakwanira ndithu, koma pa nyimbo makutu amazindikira msanga kuti mawu apanikizidwa.

Mkulu_wa_Jersey
Funso lachiwiri la a Dalaivala ndilo lofunika, ndipo mbiri ya mzinda uno idaliyankha kale. Pa 3 Juni 2005, WCBS-FM ya pa 101.1, yomwe idakhala ikuimba nyimbo zakale kuyambira 1972, idasintha mwadzidzidzi n'kukhala Jack FM, yopanda oulutsa mawu, ndipo anthu odziwika monga Cousin Brucie adachotsedwa tsiku lomwelo. Nyimbo zakalezo adaziika pa intaneti ndi pa HD2, m'nthawi yomwe anthu okhala ndi wailesi ya HD adali owerengeka kwambiri. Anthu adakwiya, omvera adachepa, ndipo pa 12 Julayi 2007 nyimbo zakale zidabwezedwa pa 101.1. Taonani chomwe chidachitikira Jack FM: ndiyo idatumizidwa ku HD2. Izi zikusonyeza kuti eni ake enieniwo amaona HD2 ngati malo a pulogalamu yomwe yagonja.

Zidapitirira chomwecho. Mu Febuluwale 2008, 101.9 idasiya nyimbo zofewa za jazi n'kutenga za rock, jazi n'kupita ku HD2. Nyimbo za country zidasowa siteshoni yaikulu mumzinda muno kuyambira pomwe WYNY ya pa 103.5 idasanduka WKTU mu 1996, zidabwerera pa 94.7 mu 2013, kenako mu Okutobala 2021 zidachotsedwanso kuti paikidwe hip hop yakale, ndipo zidakankhidwira ku HD2. Mu Okutobala 2022, nyimbo za alternative za pa 92.3 zidapatsa malo WINS, siteshoni ya nkhani ya pa 1010 AM, nazonso n'kupita ku HD2. Zili ngati kusamutsira munthu m'kanyumba ka kuseri kwa nyumba yaikulu, n'kumauza alendo kuti sadachoke pakhomo. N'zoona kuti sadachoke, koma pokambirana za banja saitanidwanso.

Mwana_wa_Ntcheu
Bambo Mkulu, mwasankha zitsanzo za mbali imodzi yokha. Tiyeni tione nkhani ya WQXR, siteshoni ya nyimbo za classical. Mu 2009 nyuzipepala ya New York Times inaigulitsa, nambala yake ya 96.3 inapita kwa Univision, ndipo WQXR inatengedwa ndi wailesi yosachita malonda ya WNYC n'kusamukira pa 105.9, pomwe mphamvu yake ndi mawati pafupifupi 600 okha. Anthu ambiri a kunja kwa mzinda anaitaya. A WNYC anaiika WQXR pa HD2 ya 93.9, yomwe mafunde ake amafika kutali kuposa a 105.9, ndipo pa HD2 ya 105.9 anaikapo nyimbo za olemba amakono zomwe siteshoni yamalonda singaziyerekeze n'komwe. Apa palibe chomwe chinatayidwa. Tchanelo chaching'ono chinaonjezera zomwe kunalibe.

Mkulu_wa_Jersey
WNYC imayendera zopereka za omvera ake, choncho ili ndi chifukwa chosamalira ngakhale omvera ochepa. A Dalaivala akufunsa za masiteshoni amalonda, ndipo kumeneko sindidaonepo pulogalamu yomwe idakula itasamutsidwira ku HD2.

Wowerengera_Brooklyn
Nonse awiri mukunena zoona, koma kuti timvetse bwino tiyenera kutsatira ndalama. Siteshoni yamalonda imagulitsa omvera ake kwa otsatsa malonda, ndipo mtengo umadalira chiwerengero cha omverawo, makamaka a zaka zapakati pa 25 ndi 54. Kuyambira 2008, ku New York omvera sawerengedwanso ndi timabuku tolembamo pamanja, koma ndi kachipangizo kotchedwa PPM, komwe anthu osankhidwa amayenda nako ndipo kamamva chizindikiro chobisika m'mawu a siteshoni. Kachipangizoka kankayendetsedwa ndi Arbitron, yomwe inagulidwa ndi Nielsen mu 2013. Kamaonetsa msanga pulogalamu ikayamba kutsika, ndipo n'chifukwa chake masiteshoni sazengerezanso kusintha.

Onjezerani ngongole. Mwa makampani akuluakulu okhala ndi masiteshoni, Cumulus inapita kukhoti kukapempha chitetezo kwa angongole mu 2017, iHeartMedia mu 2018, ndipo Audacy, yomwe inkatchedwa Entercom pomwe inkatenga masiteshoni a CBS mu 2017, inachita chimodzimodzi mu Januwale 2024 ili ndi ngongole ya madola pafupifupi 1.9 biliyoni. Kampani yotere singalembe ntchito oulutsa mawu, atolankhani ndi ogulitsa malonda chifukwa cha tchanelo chomwe omvera ake sakuoneka m'ziwerengero. Chomwe imachita ndi kuika kompyuta yoti izisanja nyimbo usana ndi usiku, zomwe sizidya ndalama zambiri. Nyimbo zimatsala, koma anthu omwe ankapatsa siteshoniyo moyo amachotsedwa ntchito.

Za WINS kupita pa 92.3 zili ndi chifukwa china. Achinyamata ambiri satsegula AM, magetsi ndi zipangizo za m'nyumba zimasokoneza mafunde ake, ndipo opanga magalimoto ena amagetsi, monga Tesla ndi BMW, anaichotsamo. Siteshoni ya nkhani yomwe imabweretsa ndalama zambiri inafunika kuipezera malo pa FM, ndipo nyimbo za alternative ndizo zinalipira. WINS itakhazikika pa FM, Audacy, mwini wa WINS ndi WCBS, sinaonenso chifukwa chosungira masiteshoni awiri a nkhani, ndipo mu Ogasiti 2024 WCBS ya pa 880 AM, yomwe inkaulutsa nkhani zokhazokha kuyambira 1967, inatsekedwa. Nambalayo inabwerekedwa kwa Good Karma Brands kuti aziulutsirapo zamasewera za ESPN.

Wa_South_Bend
Kuno ku Indiana timamvera kwambiri masiteshoni a ku Chicago, ndipo nkhani yake ndi yomweyo. WBBM ya pa 780 AM inayamba kumvekanso pa 105.9 FM mu 2011, zaka zambiri WINS isanachite zimenezi. Koma pali kusintha kwina komwe simunatchule. Mu Malichi 2018, WLUP ya pa 97.9, siteshoni yakale ya rock, inagulitsidwa ku bungwe lachikhristu la Educational Media Foundation n'kukhala K-Love. Chaka chotsatira, pa 31 Meyi 2019, WPLJ ya kwanuko ya pa 95.5 inatseka, nayonso itagulidwa ndi bungwe lomwelo. Ine ndine Mkhristu ndipo nyimbo zawo ndilibe nazo mlandu, koma pulogalamu yawo ndi imodzi dziko lonse, choncho mzinda umataya mawu a anthu ake omwe amadziwa misewu ndi nyengo yake.

Nabanda_Yonkers
Ndikufunseni a Wamawaya. Ngati matchanelo aang'onowa sawabweretsera eni ake ndalama, kodi sizingatheke kuti ife a Malawi, a Zambia ndi ena olankhula Chichewa tisonkherane n'kubwereka limodzi mwa iwo, ngakhale kwa maola ochepa Loweruka, kuti tiziulutsa uthenga wa maliro, za mipingo ndi nyimbo za kwathu?

Wamawaya_Newark
Amayi, kubwereka n'kololedwa, ndipo magulu a zinenero zina ndi mipingo amachitadi zimenezi m'mizinda yambiri. Ngakhale HD isanabwere, anthu a ku Haiti okhala ku Brooklyn ankabwereka timafunde tobisika tomwe siteshoni ya FM imatha kunyamula pa 67 kapena 92 kHz, ndipo omvera ankagula wailesi yapadera yomwe inachunidwiratu pamenepo. Njira yomweyo inkagwiritsidwanso ntchito powerengera nyuzipepala anthu osaona. Choncho maganizo anu ali ndi maziko.

Koma phindu lenileni la HD2 kwa eni masiteshoni lili pena. Lamulo la 1996 limalola kampani imodzi kukhala ndi masiteshoni osapitirira 8 mumzinda waukulu, ndipo mwa amenewo a FM asapitirire 5. Matchanelo a HD2 ndi HD3 sawerengedwa pa chiwerengerochi. Kuonjezera apo, FCC imalola kuti pulogalamu ya pa HD2 iziulutsidwanso pa kasiteshoni kothandizira ka FM wamba, ka mphamvu yosapitirira mawati 250. Kasiteshoni kameneka kakaikidwa pamwamba pa nyumba yaitali kamafika gawo lalikulu la mzinda, ndipo wailesi iliyonse imakamva. Ku Atlanta, siteshoni ya rock ya 99X inabwerera mwa njira imeneyi mu 2009, pa 97.9. M'mizinda yotere HD2 imasanduka chitseko chotsegulira siteshoni yatsopano, ndipo pulogalamuyo imatha kukhala ndi oulutsa ndi malonda ake. Ku New York njirayi ndi yovuta chifukwa FM inadzaza kale kuchokera pa 88 mpaka 108, ndipo mipata yochepa yomwe ilipo imalimbiranidwanso ndi oulutsa opanda chiphaso a ku Brooklyn ndi Bronx, ngakhale lamulo la 2020 linakweza chindapusa chawo kufika pa madola 2 miliyoni. N'chifukwa chake HD2 ya kuno imakhala yokha, yopanda chothandizira.

Mwana_wa_Ntcheu
Amayi Nabanda, maganizo anu ndi abwino koma sindikuwagwirizana nawo. Ife tilipo ochepa ndipo tinamwazikana, ena ku New Jersey, ena ku Connecticut, ena ku Indiana ndi ku Washington. Mafunde a HD2 omwe akukanika kufika White Plains sangatisonkhanitse. Komanso mawailesi a HD ali m'magalimoto, m'nyumba ndi osowa, ndiye mayi amene akuphika kapena amene akusamalira wodwala kunyumba sangamve. Ndalama zomwezo zikhoza kuyendetsa pulogalamu ya pa intaneti kwa nthawi yaitali, ndipo abale a ku Lilongwe, ku Chipata ndi ku Johannesburg akhoza kumvera nafe limodzi.

Mlongo_wa_ku_Leeds
Ndikuwerenga ndili ku Britain, ndipo ndikudabwa kuti kwanuko tchanelo cha dijito chimakhala pansi pa siteshoni ina. Kuno tili ndi wailesi ya dijito yotchedwa DAB, yomwe BBC inayamba kuulutsa mu 1995. Masiteshoni onse amaoneka pa mndandanda umodzi ndi mayina awo, ndipo BBC 6 Music, yomwe ilibe FM n'komwe, ili ndi oulutsa ake ndi omvera ochuluka. Mu 2010 ankafuna kuitseka, koma anthu anakana mpaka inasiyidwa. Norway inafika pozimitsa FM ya masiteshoni a dziko lonse mu 2017. N'chifukwa chiyani America sinatsate njira imeneyi?

Wamawaya_Newark
Achemwali, DAB imafuna mafunde akeake, apakati pa 174 ndi 240 MHz, ndipo masiteshoni ambiri amagawana makina amodzi oulutsira, zomwe zimachititsa kuti wamkulu ndi wamng'ono azifika mtunda wofanana. Kuno mbali yaikulu ya mafunde amenewo ili m'manja mwa matchanelo a TV, ndipo eni masiteshoni akuluakulu, omwe anagula nambala zawo ndi ndalama zambiri, analibe chidwi ndi njira yowafananitsa ndi aang'ono. HD Radio inasiya aliyense pamalo ake. Chinanso n'chakuti luso la HD ndi la kampani imodzi, yomwe pano ndi Xperi, ndipo wopanga mawailesi amalipira kuti aligwiritse ntchito. Boma silinalamule kuti wailesi iliyonse yatsopano izikhala nalo. Opanga magalimoto analilandira, koma opanga timawailesi totsika mtengo ta m'nyumba analisiya.

Mkulu_wa_Jersey
Chitsanzo cha 6 Music chikutsimikiza zomwe ndikunena. Anthu adamenyera siteshoniyo chifukwa mudali anthu oti n'kuwamenyera. Ine muyeso wanga ndi umodzi: tsegulani HD2 yomwe mumakonda, mumvere kwa ola lathunthu, muone ngati pali munthu amene atchule nthawi, nyengo ya lero kapena dzina la dera lanu. Ngati palibe, ndiye kuti pulogalamuyo idatha tsiku lomwe idachoka pa FM. Ndipo tchanelo chotere chikhoza kusinthidwa usiku umodzi popanda chilengezo, chifukwa palibe nyuzipepala yomwe ingalembe za icho.

Mnyamata_wa_Queens
Ndi ulemu wonse kwa akuluakulu, ine sindikuona chodandaulira. Nyimbo zonse zomwe mwatchulazi zili pa foni, ndipo foni imalumikizana ndi galimoto popanda kuduka kunsi kwa njanji.

Nabanda_Yonkers
Mwanawe, pa nyimbo mukunena zoona, koma wailesi ili ndi ntchito ina yomwe foni singaidalirike. Mphepo ya mkuntho ya Sandy itawomba mu Okutobala 2012, Manhattan ya kumunsi inakhala mumdima kwa masiku angapo, madera ena kwa milungu, ndipo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a nsanja za mafoni m'dera lokhudzidwalo linasiya kugwira ntchito. Anthu ankamva za milatho yotsekedwa, za kopeza mafuta ndi za zipatala zomwe zasamutsa odwala kudzera pa timawailesi ta mabatire. Timawailesi timeneto timamva AM ndi FM wamba basi. N'chifukwa chake ine, ngakhale ndimawamvera chisoni okonda nyimbo za pa 92.3, ndikuona kuti kuika nkhani pa FM wamba kunali koyenera, ndipo ndikanadandaula kwambiri zikanakhala kuti nkhani ndizo zatumizidwa ku HD2. Chomwe chikundidetsa nkhawa n'chakuti kutsekedwa kwa 880 kunachepetsa atolankhani omwe angatumizidwe m'madera tsoka lina likagwa.

Wowerengera_Brooklyn
Ndikugwirizana ndi amayi Nabanda, ndipo ndionjezere kuti mawu a Mnyamata ndiwo akufooketsa HD2 kuposa china chilichonse. Eni masiteshoni nawonso ali ndi mapulogalamu awo a pa foni, momwe amadziwa chiwerengero chenicheni cha omvera ndipo amatha kutumiza malonda osiyana kwa munthu aliyense. Akamalengeza kuti nyimbo zasamukira ku HD2, nthawi zambiri amatchulanso pulogalamu ya pa foni, ndipo kumeneko n'komwe akufunitsitsa kuti mupite.

Dalaivala_wa_Bronx
Kwa ife oyendetsa galimoto, foni imakhala yotanganidwa kale ndi mapu komanso kulandira makasitomala, ndipo nyimbo zikamadutsa momwemo zimadukizidwa ndi mawu a mapu mphindi iliyonse. Tinazoloweranso kumva za misewu pa 880 mphindi zothera ndi 8 ndi pa 1010 mphindi zothera ndi 1, moti ukaphonya kwina umathamangira kwinako. Pano kwatsala kumodzi. A Wamawaya, kodi pali chomwe ndingachite kuti HD2 isamaduke kwambiri?

Wamawaya_Newark
Kunsi kwa njanji ya Jerome Avenue palibe chomwe mungachite, chifukwa zitsulo zimatchinga ndi kumwaza mafunde. Koma m'malo otseguka mukhoza kupindulapo. Yambani ndi kuchotsa tchaja ya foni ndi kamera ya pagalasi pa soketi ya galimoto, muone ngati kudukako kwachepa, pakuti matchaja otsika mtengo amatulutsa phokoso lomwe limagwera m'mafunde a FM, ndipo mbali ya dijito, pokhala yofooka, ndiyo imayamba kugonja. Ngati eriyo ya galimoto yanu ili m'galasi lakumbuyo, fufuzani ngati galasilo linamatidwa pepala lakuda lokhala ndi chitsulo, chifukwa nalonso limafooketsa mafunde. Onaninso ngati waya wa eriyo unalowa bwino kumbuyo kwa wailesi. Musazimitse HD m'makonzedwe a wailesi monga ena amalangizira, chifukwa uphungu umenewo umathandiza omvera HD1 okha, ndipo kwa inu ungachotseretu HD2.

Dalaivala_wa_Bronx
Ndili ndi matchaja awiri ndi kamera pa soketi imodzi, ndipo galasi lakumbuyo linamatidwa ndisanagule galimotoyi. Mawa ndili ndi ulendo wopita ku bwalo la ndege la Newark, ndiye ndiyamba ndi kuchotsa matchajawo ndikangowoloka mlatho wa George Washington, ndipo ndidzakuuzani zomwe ndipeze. A Wamawaya, mundithandizenso kudziwa momwe ndingazindikirire ngati pepala la pagalasilo lili ndi chitsulo popanda kulimatula.